Kuteteza Nkhuku ku Njoka za M'mimba

Pakhomo pa mlimi wa m'Malaŵi muno nkhuku ndi chuma chapafupi. Mlendo akafika mwadzidzidzi, ndiwo zake zimapezeka pabwalo pomwepo. Mwana akadwala usiku, ndalama zopitira naye kuchipatala zimachokera m'khola, ndipo sukulu zikamatsegulidwa thadzi limodzi limasanduka makope ndi zolembera. Kaamba ka ichi mlimi aliyense amaopa chitopa, nthenda imene imasesa khola lonse m'masiku oŵerengeka chabe. Koma pali mdani wina amene alimi ambiri samuŵerengera, pakuti ntchito yake amaigwira mwakachetechete, mkati mwa matumbo momwe diso silifika. Mdaniyo ndiye njoka za m'mimba.

Njokazi sizipha nkhuku zambiri nthaŵi imodzi. Zimene zimachita ndi kulanda chakudya chimene nkhuku yadya ndi kuwononga matumbo ake, kotero kuti mwanapiye amapinimbira, msoti umachedwa kuyamba kuikira, ndipo thadzi limaikira mazira ochepa. Mlimi amataya madeya ake ndi nthaŵi yake, ndipo tsiku lopita kumsika ogula amanyamula nkhukuyo m'manja namuuza kuti ndi yopepuka. Kutaya kotereku kumachitika pang'onopang'ono, ndipo chifukwa chake ambiri amangoti mtundu wa nkhuku zao ndiwo wosakula.

Kukula kwa vutoli

Nkhuku zoyendayenda pafupifupi zonse zili ndi njoka. Akatswiri amene adapima nkhuku 600 za m'midzi m'chigawo cha Morogoro ku Tanzania adalengeza m'chaka cha 1997 kuti sadapeze ngakhale imodzi yopanda njoka. M'chaka cha 2007 kudatuluka zotsatira za kafukufuku wina wochitika m'chigawo chapakati cha dziko la Zambia, ndipo kumeneko nkhuku 95 mwa 100 zilizonse zidapezeka ndi njoka. Pa kafukufuku yemweyo, nkhuku zimene zidapatsidwa mankhwala a njoka zidalemera kwambiri kuposa zinzake zimene sizidalandire kanthu. Kaŵetedwe ka nkhuku m'midzi ya m'Malaŵi sikasiyana ndi ka m'maiko oyandikana nawoŵa: nkhuku zimatsekulidwa m'maŵa, zimapalasa kudzala, m'dimba ndi kuseri kwa nkhokwe, ndipo madzulo zimabwerera m'khola.

Mitundu ya njoka

Mtundu woyamba, umenenso umadziŵika kwambiri, ndi wa njoka zikuluzikulu zobulungira, zimene akatswiri amazitcha Ascaridia galli. Maonekedwe ake ndi oyera motuŵira, ndipo yaikazi imatha kutalika masentimita 7 mpaka 12, ndiye kuti ngati chala cha munthu wamkulu kapena kupitirirapo. Zimakhala m'matumbo aang'ono, ndipo zikachuluka zimapindana ndi kutseka njira ya chakudya, nkhuku nkufa. Nthaŵi zina, ngakhale si kaŵirikaŵiri, njoka yotereyi imasochera nkuloŵa m'njira ya mazira, ndipo imapezeka mkati mwa dzira pamene laswedwa.

Mtundu wachiŵiri ndi wa tinjoka tating'ono totchedwa Heterakis gallinarum, totalika pafupifupi sentimita imodzi, timene timakhala m'timatumbo tiŵiri totseka kunsonga tija tili kumapeto kwa matumbo. Patokha sitivutitsa nkhuku kwenikweni, koma m'mazira ake mumabisala kachilombo koyambitsa nthenda ya chiŵindi ndi matumbo imene imapha nkhukundembo zambiri. N'chifukwa chake kuŵeta nkhuku ndi nkhukundembo pamalo amodzi kumabweretsa maliro kumbali ya nkhukundembo.

Mtundu wachitatu ndi wa Capillaria, njoka zopyapyala ngati tsitsi, zovuta kuziona ndi maso. Zina zimakhala m'chithokomiro ndi kummero, zina m'matumbo aang'ono. Ngakhale zili zazing'ono chotero, zimaboola nkhope ya mkati mwa matumbo, ndipo zikachuluka zimawondetsa nkhuku koposa njoka zikuluzikulu zija.

Mtundu wachinayi ndi wa njoka zaphanthiphanthi zonga riboni, zokhala ndi mfundomfundo. Zina mwa izo, za gulu la Raillietina, zimafika masentimita 25, pamene Davainea siposa mamilimita 4. Mutu wake umamatirira kumatumbo, ndipo mfundo zakumapeto, zodzaza ndi mazira, zimaduka ndi kutuluka m'zitosi zikuoneka ngati timbewu ta mpunga.

Palinso njoka ina yofiira yotchedwa Syngamus trachea imene sikhala m'matumbo koma m'njira ya mpweya. Mwanapiye amene ali nayo amatambasula khosi ndi kuyasamula pafupipafupi pofuna mpweya. Ikutchulidwa pano chifukwa imafala m'njira zofanana ndi zinzake, ndipo mankhwala ena a njoka za m'matumbo amaiphanso.

M'mene njoka zimafalira

Njoka yaikazi imaikira mazira ambirimbiri m'matumbo, ndipo mazirawo amatuluka pamodzi ndi zitosi. Ndi aang'ono zedi kotero kuti saoneka popanda makina oonera tinthu tating'onoting'ono. Dzira la Ascaridia likangotuluka silikhala loopsa. Limafuna chinyezi ndi kufunda kwa masiku 10 mpaka 14 kuti kamwana ka njoka kaumbike mkati mwake. Zikatero dziralo limadikira m'nthaka, ndipo pamalo a mthunzi ndi onyowa limatha kukhala lamoyo miyezi yambiri, ngakhale chaka chathunthu, pakuti chikamba chake ndi cholimba. Nkhuku ikalimeza potola chakudya kapena pakumwa madzi oipitsidwa ndi zitosi, limaswa m'matumbo. Kamwana ka njoka kamaloŵa m'khungu la mkati mwa matumbo, nkukhala momwemo kwa kanthaŵi, kenaka nkutuluka ndi kukula. Kuchokera tsiku limene nkhuku yameza dzira kufikira tsiku limene njoka yatsopano iyamba kuikira mazira ake pamapita masabata 5 mpaka 8.

Njoka zonga riboni zili ndi njira yakeyake. Mazira ake ayenera kudyedwa kaye ndi kachilombo kena, monga nyerere, zikumbu, ntchentche kapena nkhono, ndipo kamwana ka njoka kamakula m'thupi mwa kachilomboko. Nkhuku ikadya kachilomboko, njoka imakhwima m'matumbo mwake pakangopita masabata 2 kapena 3. Nyongolotsi za m'nthaka nazonso zimanyamula mazira a njoka zobulungira ndi za Capillaria, ndipo zimawasunga nthaŵi yaitali.

Apa ndi pamene pagona chifukwa chimene vutoli limakulira m'dzinja. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mvula ya Novembala mpaka Epulo imabweretsa msipu ndi tizilombo tambiri timene nkhuku zimanenepa nato, koma imasunganso mazira a njoka ndi kutulutsa nyongolotsi ndi nkhono. M'maboma a mvula yambiri monga Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay nthaka imakhala yonyowa nthaŵi yaitali, motero alimi a kumeneko ayenera kukhala tcheru koposa. Dzuŵa la m'chilimwe limapha mazira amene ali poyera, koma pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi chitsime ndi mkati mwa khola losasesedwa mazirawo amapulumuka.

Zizindikiro

Nkhuku zosapitirira miyezi 3 ndizo zimavutika kwambiri, pakuti matupi ake sanaphunzire kulimbana ndi njoka. Zikuluzikulu zimapirira, koma ndizo zimamwaza mazira pabwalo pamene anapiye akutola. Nkhuku ya njoka imadya bwino koma sinenepa. Ikagwidwa m'manja fupa la pachidali limamveka lakuthwa. Nthenga zimanyankhalala, mapiko amagwa, lipombo la pamutu limatuŵa, ndipo kaŵirikaŵiri imatsekula m'mimba, nthenga za kumbuyo nkumata zitosi. Thadzi limachepetsa mazira kapena kulekeratu.

Zizindikirozi zimapezekanso pa matenda ena, choncho mlimi ayenera kusiyanitsa asanagule mankhwala. Chitopa chimagwira nkhuku zambiri mwadzidzidzi, za misinkhu yonse, ndipo zimachita zitosi zobiriŵira, kubanika, zina kupindika makosi, nkufa m'masiku ochepa. Nthenda ya coccidiosis imakonda anapiye a masabata 3 mpaka 6 ndipo nthaŵi zambiri zitosi zimakhala ndi magazi. Matenda aŵiriŵa samva mankhwala a njoka. Njala nayonso imawondetsa, monganso utitiri ndi nsabwe zoyamwa magazi.

Pali njira ziŵiri zotsimikizira. Yoyamba ndi yapakhomo pomwepo: tsiku limene nkhuku yaphedwa kuti ikhale ndiwo, matumbo ake ang'ambidwe m'litali mwake ndi mpeni, kuyambira pa nthutumba mpaka kumapeto, ndipo aviikidwe m'mbale ya madzi oyera. Njoka zikuluzikulu ndi zonga riboni zimaoneka poyera. Chimene chapezeka mu nkhuku imodzi chimasonyeza chimene chili m'zinzake, pakuti zonse zimatola pamalo amodzi. Njira yachiŵiri ndi yotola zitosi zatsopano za nkhuku zingapo m'maŵa, kuziika m'kathumba koyera ka pulasitiki, kuzisunga pozizira, ndi kuzipereka tsiku lomwelo kwa alangizi a ziŵeto. Iwo akhoza kuzitumiza kumalo opimira matenda a ziŵeto, monga ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, kumene mazira a njoka amaoneka pa makina ndipo mtundu wake umadziŵika.

Mankhwala ndi ntchito yake

Palibe mankhwala amodzi opha mitundu yonse ya njoka mofanana. Pa botolo kapena paketi pamalembedwa maina aŵiri: lina ndi la malonda, lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo lina ndi la mankhwala enieni amene ali mkatimo. Dzina lachiŵirili ndilo lofunika kuliyang'ana.

Piperazine ndi mankhwala akale, amene akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Amasungunuka bwino m'madzi ndipo saopsa kwenikweni pa nkhuku. Ntchito yake ndi kufoola njoka zikuluzikulu zobulungira kuti zileke kugwira, ndipo zimatuluka ndi zitosi, zina zikadali zamoyo. Komatu mphamvu yake imathera pomwepo. Tiana ta njoka tobisala m'khungu la matumbo satikhudza, Capillaria saipha, ndipo njoka zonga riboni sazigwedeza n'komwe. N'chifukwa chake amabwerezedwa pakapita masabata 2 kapena 3, kuti apeze tiana tija titakula koma tisanayambe kuikira.

Levamisole amapha njoka zobulungira za mitundu itatu ija, Ascaridia, Heterakis ndi Capillaria, koma zonga riboni sazipha. Mankhwalaŵa amafuna kusamala poyeza, pakuti akapyola muyezo amadwalitsa nkhuku ndipo akhoza kuipha.

Fenbendazole ndi flubendazole ndi a banja limodzi. Amapha njoka pang'onopang'ono poilepheretsa kugwiritsa ntchito chakudya, ndipo amakhudza zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Kaamba ka kagwiridwe kotereka amaperekedwa masiku angapo motsatizana: fenbendazole wopangidwira nkhuku amaperekedwa m'madzi masiku 5, pamene flubendazole amaperekedwa masiku 7, m'madzi kapena m'chakudya. Mlimi wolekeza pa tsiku lachiŵiri chifukwa waona njoka zikutuluka amakhala atagwira theka la ntchito. Albendazole ndi wa banja lomweli, ndipo alimi amamudziŵa kwambiri pa mbuzi ndi ng'ombe.

Njoka zonga riboni zimafuna mankhwala akeake, monga niclosamide kapena praziquantel, ndipo flubendazole amathandizanso pa zina mwa izo. Amenewa aperekedwe motsogozedwa ndi alangizi. Ndipo popeza njokazi zimabwera ndi tizilombo, zimabwerera msanga ngati pakhomo pali ntchentche, nyerere ndi nkhono zambiri.

Mankhwala a ufa achikasu a gulu la oxytetracycline, amene alimi ambiri amathira m'madzi nkhuku zikangofooka, ndi opha mabakiteriya, ndipo njoka siziwamva. Chimodzimodzinso amprolium, amene ntchito yake ndi yolimbana ndi coccidiosis. M'midzi yambiri anthu amapatsanso nkhuku njere za papaya, masamba a nimu kapena tsabola. Zina mwa zimenezi zimachepetsako njoka, koma mphamvu yake imasiyana mtengo ndi mtengo ndipo palibe muyezo wodalirika, kotero kuti khola limene njoka zachuluka limafunabe mankhwala oyesedwa bwino.

Kayezedwe ndi kaperekedwe

Muyezo wa mankhwala umatengera kulemera kwa nkhuku. Chitsanzo ndi fenbendazole wa nkhuku, amene muyezo wake ndi miligalamu imodzi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa nkhuku, tsiku lililonse kwa masiku 5. Mlimi wa nkhuku 20, iliyonse yolemera kilogalamu imodzi ndi theka, ali ndi makilogalamu 30 a nkhuku, ndipo afunika mamiligalamu 30 a mankhwala pa tsiku. Ngati pa botolo palembedwa kuti mililita imodzi ili ndi mamiligalamu 200, ndiye kuti khola lonselo lifunika mililita 0.15 pa tsiku, amene ali madontho oŵerengeka chabe. Muyezo wotere sungatheke ndi chitsekero cha botolo kapena sipuni ya tiyi. Umafuna sirinji yaing'ono yopanda singano. Masamu ameneŵa amasintha ndi mtundu wa mankhwala ndi mphamvu yake, choncho pepala la malangizo liŵerengedwe nthaŵi zonse. Amene sadziŵa kuŵerenga Chingerezi afunse alangizi kapena wogulitsa wovomerezeka, pakuti safunsa adadya phula.

Mankhwala a mbuzi ndi ng'ombe a banja la fenbendazole ndi albendazole sasungunuka bwino m'madzi. Akathiridwa m'chomwera amadikha pansi, ndipo nkhuku zoyamba kumwa zimamwa madzi okhaokha pamene zomalizira zimamwa mankhwala opyola muyezo. Mlimi asawagwiritse ntchito pa nkhuku popanda uphungu wa alangizi.

Popereka mankhwala a m'madzi, nthaŵi yabwino ndi m'maŵa nkhuku zisanatsekulidwe. Zomwera zonse zichotsedwe kwa maola ngati aŵiri kuti nkhuku zimve ludzu, kenaka zomwerazo zitsukidwe ndi kuthiramo madzi a mankhwala. Nkhuku yaikulu imamwa pafupifupi kapu imodzi ya madzi pa tsiku, ndipo nyengo yotentha imamwa kuposerapo. Madzi a mankhwala akhale okwanira kuti iliyonse imwe, komanso ochepa moti athe tsiku lomwelo, ndipo akatha aikidwe madzi wamba. Zomwera zikhale zingapo kuti nkhuku zofooka, zimene kaŵirikaŵiri ndizo zili ndi njoka zambiri, zisathamangitsidwe ndi zamphamvu. M'madera otentha monga Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Karonga, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, nkhuku zisamanidwe madzi dzuŵa litakwera, pakuti ludzu limapha msanga kuposa njoka. Mankhwala a tsiku lililonse asakanizidwe tsiku lomwelo. Nkhuku zikatsekulidwa zisanamalize kumwa, zimapita kukamwa m'zithaphwi ndipo mankhwala amatsala m'chomwera.

Nkhuku zonse za pakhomo zilandire nthaŵi imodzi. Kupatsa yowonda yokha ndi kusiya zinzake n'kosathandiza, pakuti zinzakezo zimapitiriza kumwaza mazira. Ndipo popeza njoka zotuluka zimakhala zodzaza ndi mazira, zitosi za masiku a mankhwala ndi masiku aŵiri otsatira zisesedwe ndi kukwiriridwa m'dzenje lakuya kapena kutenthedwa.

Nthaŵi yake

Kwa nkhuku zoyendayenda, nthaŵi ziŵiri zofunika kwambiri pa chaka ndi kumayambiriro kwa dzinja, cha mu Novembala kapena Disembala, ndi kumapeto kwake, cha mu Epulo kapena Meyi. Mankhwala oyambawo amachepetsa mazira amene akadagwera panthaka yonyowa, ndipo achiŵiriwo amachotsa njoka zimene nkhuku zatola m'dzinja, kuti ziloŵe m'nyengo yozizira ndi ya chakudya chochepa zili zamphamvu. Kumene nkhuku zili zambiri pamalo ochepa, kapena kumene nthaka siuma, mankhwala akhoza kuperekedwa miyezi 3 iliyonse, makamaka ngati zitosi kapena matumbo zasonyeza kuti njoka zilipo.

Anapiye oyenda ndi make alandire koyamba akafika masabata 6 mpaka 8. Misoti ya mazira ilandire isanayambe kuikira, cha pa masabata 16 mpaka 18, pakuti nthaŵi imeneyo palibe mazira otaya. Nkhuku zakuda za mtundu wa Black Australorp, zimene alimi amazitcha za Mikolongwe, ndi zina zonse zoleredwa m'nyumba zaukhondo, zimafika pamudzi zisanakumanepo ndi njoka zambiri, motero zimafuna kuziyang'anira mwapadera m'miyezi yoyamba. Nkhuku yogula kumsika kapena yolandira ngati mphatso ikhale payokha masabata 2, ndipo ilandire mankhwala a njoka isanasakanizidwe ndi zinzake. Kudzipatula kumeneku kumatetezanso khola ku chitopa.

Nkhuku zanyama zimene zimagulitsidwa pa masabata 5 kapena 6 kaŵirikaŵiri sizifuna mankhwala a njoka, ngati utuchi wa m'khola umasinthidwa gulu lililonse likatuluka, pakuti zimachoka njoka zisanakhwime. Kuzipatsa mankhwala popanda chifukwa ndi kutaya ndalama.

Nkhuku yodzaza ndi njoka siyankha bwino katemera. Choncho n'kwanzeru kupereka mankhwala a njoka sabata imodzi kapena ziŵiri tsiku la katemera wa chitopa lisanafike. Katemera wa I-2, wodontheza m'diso, amabwerezedwa miyezi 4 iliyonse, ndipo mlimi akhoza kumangirira ntchito ziŵirizi pamodzi kuti asaiŵale. Koma mankhwala a njoka asasakanizidwe ndi katemera m'madzi amodzi.

Kusamala mazira ndi nyama

Mankhwala amene nkhuku yamwa amatsalira m'thupi mwake ndi m'mazira ake kwa masiku angapo. Pepala la malangizo limanena masiku amene ayenera kupita nyama kapena mazira zisanadyedwe kapena kugulitsidwa. Fenbendazole ndi flubendazole opangidwira nkhuku, akaperekedwa pa muyezo wake, amaloledwa m'maiko a ku Ulaya popanda kutaya mazira, ngakhale kuti nyama imadikira masiku oŵerengeka. Levamisole ndi albendazole saloledwa kumeneko pa nkhuku zoikira mazira odya anthu. Pa mapaketi ena a piperazine pamalembedwanso chenjezo lofanana ndi limeneli. Kumene pepala silikunena kanthu za mazira, alangizi afunsidwe mankhwala asanaperekedwe. Kugulitsa mazira kapena nkhuku masiku odikirawo asanathe ndi kudyetsa anthu mankhwala amene sadawapemphe, ndipo ambiri mwa odya mazira ndi ana.

Njoka za nkhuku sizikhazikika m'mimba mwa munthu. Nyama ya nkhuku imene inali ndi njoka ikhoza kudyedwa ikapsa bwino, koma matumbo ake akwiriridwe, asaponyedwe kudzala kumene nkhuku zina zikatole. Komabe zitosi zimanyamula tizilombo tina totsekula m'mimba, choncho wosesa khola asambe m'manja ndi sopo, ndipo ana okwaŵa asaseŵere pamene pali zitosi. Mankhwala onse a ziŵeto asungidwe m'botolo lake, pamalo ozizira ndi ouma, patali ndi ana.

Njoka zosamva mankhwala

Mankhwala akaperekedwa ochepera muyezo, kapena mtundu umodzimodzi ukabwerezedwa pafupipafupi kwa zaka zambiri, njoka zofooka zimafa koma zolimba zimatsala ndi kuswana, mpaka mankhwalawo amaleka kugwira ntchito. Zimenezi zachitika kale kwambiri pa njoka za mbuzi ndi nkhosa m'maiko ambiri. Ku United States, m'chaka cha 2019, akatswiri adalengeza kuti apeza njoka za m'matumbo mwa nkhukundembo zosamva fenbendazole. Mitundu ya mankhwala a njoka za nkhuku ndi yochepa, ndipo umodzi ukatha mphamvu woloŵa m'malo mwake sapezeka msanga. Mlimi amateteza mankhwalaŵa poyeza bwino, pomaliza masiku onse, posawapereka popanda chifukwa, ndi posintha banja la mankhwala pakapita chaka kapena zaka ziŵiri. Kusintha fenbendazole ndi kutenga albendazole si kusintha, pakuti onse ndi a banja limodzi. Mankhwala ogulitsidwa m'timapepala topanda dzina pamsika, ndi amene tsiku lake lidapitirira, apeŵedwe.

Ukhondo wa khola

Mankhwala amapha njoka zimene zili m'nkhuku tsiku limenelo, koma mazira amene ali panthaka amatsala. Nkhuku yomwa mankhwala lero ikhoza kumeza mazira atsopano maŵa. Motero ukhondo ndiwo umachititsa kuti ndalama zogulira mankhwala zisapite pachabe. Khola la m'mwamba, lokhala ndi mipata pansi pake yoti zitosi zizigwa, limalekanitsa nkhuku ndi zitosi zake, bola kunsi kwake kutchingidwe kuti nkhuku zisamapalaseko. Khola lapansi lisesedwe kaŵiri kapena katatu pa sabata. Popeza dzira limafuna masiku 10 kapena kuposerapo kuti likhale loopsa, kusesa kotereku kumachotsa mazira asanakhwime. Denga lisadonthe, ndipo pansi pakhale pouma, pothiridwa phulusa. Mankhwala ambiri otsukira makola salipyoza dzira la njoka. Chimene chimalipha ndi dzuŵa, kuuma ndi kutentha.

Madeya ndi chakudya china ziikidwe m'zodyera zokwezeka m'malo mozimwaza pansi, ndipo zomwera zitsukidwe tsiku ndi tsiku. Anapiye aleredwe pamalo pamene sipakhala nkhuku zikuluzikulu zambiri, ndipo chikwatu chao chizisunthidwa. Zitosi ndi manyowa abwino, koma ziunjikidwe kaye pamulu wa kompositi, patali ndi pamene nkhuku zimapalasa, kuti kutentha kwa mulu kuphe mazira. Udzu wozungulira khola utchetchedwe kuti dzuŵa lifike panthaka, ndipo zinyalala zoitana ntchentche zikwiriridwe. Nkhuku yodya bwino imalimbana ndi njoka koposa yanjala, makamaka ikamapeza masamba obiriŵira ndi zakudya zomanga thupi monga nyemba za soya zokazinga kapena zotsalira za usipa.

Nkhuku za m'mudzi sizidziŵa malire. Za pakhomo lina zimatola pabwalo la pakhomo linzake, pamodzi ndi nkhanga ndi abakha. Mlimi mmodzi akapereka mankhwala pamene anansi ake sadapereke, bwalo lake limadzazanso ndi mazira m'masabata ochepa. Mutu umodzi susenza denga. Kumene alimi ali pa kalabu, botolo limodzi limakwanira makomo ambiri, alangizi amabwera kudzayeza muyezo tsiku limodzi, ndipo mankhwala amatha tsiku lake lisanapitirire. Mlembi wa kalabu alembe m'kope tsiku, dzina la mankhwala ndi chiŵerengero cha nkhuku zimene zalandira, kuti pa ulendo wotsatira kudziŵike ngati nthaŵi yosintha banja la mankhwala yakwana. Mtengo wa ntchito yonseyi pa khomo limodzi kaŵirikaŵiri suposa mtengo wa nkhuku imodzi, ndipo phindu lake limaoneka pa kulemera kwa chidali ndi pa chiŵerengero cha mazira m'chisa.